Che Twaibu ndi Mabatani a Meja

Asilamu sachedwa ndi maliro. Uthenga wakuti Che Twaibu atisiya unandipeza ku Ntcheu iwo atagona kale m'manda, choncho ndinangodikira sadaka ya masiku makumi anayi n'kukwera basi ya ku Mangochi. Ndinafika ku Chowe anthu atadya kale mpunga, ashehe atapita, pabwalo patangotsala amayi otsuka miphika. Abiti Sumani, mkazi wa malemuwo, sanandipatse ndi mpata womwe woti ndipepese bwinobwino. Anandigwira dzanja, kundilowetsa m'nyumba, n'kundilozera mtondo umene anauvundikira m'chipinda. Anati popeza Mulungu anandipatsa msinkhu m'malo mwa nzeru, ndikwere pamenepo ndipise dzanja pakati pa mtanda ndi malata, cha kumutu kwa bedi.

Ndinakwera, ndinapisa, ndipo zala zanga zinakhudza kamtolo ka nsalu. Nditakagwedeza kanalira ngwerengwere, ine mtima phaa! Ndinadziwa pomwepo kuti anali mabatani a Meja, mabatani amkuwa amene Che Twaibu anawafuna pansi pa mudzi wonse kwa zaka zambiri, pamene anali pamwamba pa mutu wawo. Ndinafuna kumasula ndili pamtondo pomwepo, koma Abiti Sumani anandilanda kamtoloko n'kukaika pamiyendo pawo. Anati ndimwe kaye tiyi, iwo apeze mphamvu.

Tiyiyo anali wotentha, ndipo pamene ndinkamudikira ndinakumbukira zonse.

Che Twaibu ndinawadziwa m'zaka za m'ma sevente, boma litanditumiza kumeneko kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Sabata yoyamba yomwe, ndikupalasa njinga m'mbali mwa munda wina, ndinamva chinthu chikulira ngati mbuzi yomangidwa. Nditasuzumira ndinaona bambo wamfupi, wowonda, mzuli kumutu, akuyenda pang'onopang'ono atagwira nkhafi yopalasira bwato. Kunsonga kwa nkhafiyo anamangako mkombero wa lichero wokulungidwa ndi waya, ndipo ankauyendetsa pamwamba pa dothi uku ndi uku ngati akusesa. Pamimba anali atapachika kabokosi ndi sipika ya wailesi. Ndinaganiza kuti boma landitumiza kudera la amisala. Iwo atandiona sanandifunse dzina, anangondifunsa ngati tochi yanga inali ndi mabatire otha.

Amenewo anali makina awo ofufuzira zitsulo pansi, ndipo anawatcha Abiti Phokoso. Anawagula pa okishoni ya katundu wa mzungu wina woyeza malo amene ankabwerera kwawo. Anthu pa okishoniyo ankati n'chopukutira simenti, koma mnzawo wina wovina nawo gule wa beni, amene anapitako kunkhondo, anawanong'oneza kuti asilikali amafufuzira mabomba okwiriridwa ndi chinthu chotere. Che Twaibu anathamanga kukagulitsa mbuzi, ndipo zina mwa mbuzizo zinali za Abiti Sumani. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo makinawo ankawatchula kuti mkazi mnzanga, ndipo ankadandaula kuti mkazi mnzakeyo sasinja, satunga madzi, amangodya mabatire.

Zitsulo zake zenizeni zinatha kalekale. Chimbale cha kunsonga chitasweka, wokonza mawailesi pamsika wa paboma anakulunga waya pa mkombero wa lichero. Mpini utathyoka, Che Twaibu anakatenga nkhafi ku Malindi. Zomvetsera za m'makutu zitatayika anaikapo sipika, ndipo kuyambira pamenepo chinsinsi chinatha: akapeza ngakhale msomali, mudzi wonse unkamva. Masiku amenewo munthu woyenda m'tchire ndi waya ndi wailesi ankatha kufunsidwa kuti akulankhula ndi yani kunja kwa dziko. Che Twaibu anaziganizira zimenezo. Anapita kwa tcheyamani wa chipani n'kugula makhadi atatu, lawo, la Abiti Sumani ndi la Abiti Phokoso, ndipo lachitatulo analikulunga m'pulasitiki n'kulimangirira pankhafi. Ayufi, anyamata a chipani, akawaimika panjira ankaloza khadilo n'kunena kuti mayiwa ndi membala wokhulupirika, angokhala olongolola.

Sindinachedwe kukhala wowanyamulira khasu Loweruka lililonse. Ndikanati ndinkawamvera chisoni, koma kunena zoona matenda awo anandigwira. M'mapiri a kumeneko munali mabwinja a nyumba za azungu amene ankalima fodya ndi thonje kale, zina zitangotsala chumuni ndi masitepe, mitengo itamera m'zipinda. Che Twaibu ankapitako moto wa tchire utangodutsa kapena mvula yoyamba itagwa. Akafika ankaima pamasitepe n'kunena odi, ngakhale munalibe munthu, chifukwa ankati nyumba ndi nyumba. Kumanda sankayandikirako. Dzenje lililonse limene akumba ankalikwirira n'kulipondaponda, ndipo ine nditaiwala kukwirira limodzi anandibweza ulendo wautali dzuwa lili pamutu, akundiuza njira yonse kuti mlangizi wothyola miyendo ya ng'ombe za anthu sanamuonepo.

Ine ndinkathamangira kukhonde la kutsogolo, poganiza kuti ndi kumene mabwana ankakhala. Iwo ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati mzungu sankagwetsa kanthu pamalo poonekera, ndipo akagwetsa panali wantchito womutolera. Zinthu zili kuseri: kukhitchini, pa thanki ya madzi, pansi pa mtengo pamene antchito ankaima pamzere tsiku la malipiro, makobiri akupulumuka m'manja. Ndipo n'zoona, kumeneko n'kumene tinkapeza makobiri obowola pakati, matiki, zomangira malamba, masupuni opindika, mabelu a njinga, makiyi a zitseko zimene chiswe chinadya kale. Khutu lawo linali lodabwitsa. Ankati msomali umalira mokalipa ngati apongozi, chitini chimabwebweta, koma mkuwa umalira mwamanyazi, uyenera kuumvetsera. Akamva kulira kwamanyaziko ankaima chilili, maso atatseka, kenako n'kugwada mofulumira ngati mnyamata. Ndaonapo anthu akusangalala paukwati, koma sindinaone nkhope ngati ya Che Twaibu akuthira malovu pa kobiri lakuda n'kulipukuta pa malaya.

Anthu ankanena kuti akufuna golide amene Majeremani anakwirira. Ena ankawatsatira chapatali, n'kubwera pambuyo kudzafukula pamene akwirira. Iwo zimenezo zinkawakondweretsa kwambiri, mwina ankapondaponda dala malo opanda kanthu n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Makobiri ambiri ankangopatsa amayi kuti amangire ana m'chiuno, ena ankasokera anyamata awo a beni pachifuwa ngati mamendulo. Chimene iwo ankafuna sichinali ndalama. Anali mabatani, ndipo osati aliwonse.

Nkhani yake anandiuza titakhala pa chumuni china tikudya chinangwa. Ali mnyamata anagwira ntchito ya udobi, yochapa zovala, pa esiteti ya msilikali wina wopuma amene anthu ankangomutcha Meja. Mejayo, ngakhale anali atasiya usilikali, ankayendera fodya wake atavala majekete akhaki a mabatani amkuwa, batani lililonse lili ndi chisoti chachifumu. Twaibu ankachapa monga amachapira aliyense kwawo, kumenya chovala pamwala kumtsinje. Mabatani ankathothoka n'kuulukira mumchenga ndi m'mabango. Kuseri kwa batani lililonse kunali kawaya koti ukakasolola batani limachoka usanachape, koma panalibe anamuuza. Khukhi, wophika wa Meja, ankadziwa, koma ntchitoyo ankaifunira mphwake. Ndiye batani likasowa, Meja ankamugoneka mnyamatayo kuseri kwa khitchini, batani limodzi chikoti chimodzi. Che Twaibu anandionetsa msana tsiku limenelo, mizere yotuwa ikuonekabe, ndipo ine ndinaika chinangwa pansi. Koma iwo ankasimba akuseka. Ankati mabataniwo anagula okha, mtengo wake analipira wonse, chatsala n'kukatenga katundu wawo.

Vuto linali lakuti mtsinje unasintha njira, mwala wochapira uja unakwiririka. Anaufuna zilimwe zingapo osaupeza. Chaka china mvula yamphamvu inagumula gombe kumunsi kwa bwinja la Meja, ndipo mlimi wina anandiuza kuti patuluka mwala waukulu wosalala. Sindinapite kuofesi tsiku limenelo. Ndinawakweza Che Twaibu pakaliyala, Abiti Phokoso ali paphewa, ndipo njira yonse ankandimenya pamsana kuti ndipalase ngati mwamuna.

Atauona mwalawo anavula nsapato. Anaugwira ndi manja onse, n'kuima pamene ankaima ali mnyamata, n'kuyerekeza kumenya jekete, kuti aone kumene dzanja linkaponyera. Kenako analoza kumanzere, pa kamtunda ka mchenga. Anayatsa makina. Poyamba kunali zii. Atasuntha pang'ono, Abiti Phokoso analira kamawu kakang'ono kamanyazi kaja. Che Twaibu anataya khasu n'kukumba ndi zala. Chinatuluka chinthu chobiriwira, chozungulira, ngati nthanga ya bwemba. Anachithira malovu, kuchipukuta, ndipo chisoti chachifumu chinaonekera.

"Alangizi," anatero, "ili ndi la Lachiwiri lija anandimenya ndisanadye."

Kenako linalira lina, ndi lina, ndi linanso. Amayi amene ankachapa kumtunda anasiya zovala n'kubwera, abusa a mbuzi anabwera, ndipo batani lililonse likatuluka panali nthungululu. Che Twaibu ankalikweza m'mwamba n'kulipatsa mbiri yake: ili la tsiku la Khirisimasi, ili la pamene kunabwera alendo a ku Zomba, ili limene anamenyedwera kawiri chifukwa Meja anaiwala kuti anamenya kale. Ndikukayika ngati ankawazindikiradi, popeza onse anali ofanana, koma palibe anatsutsa. Ine mwana wa Mpingo, wophunzira, wovala tayi, ndinapezeka ndagwada m'matope ndikukuwa ngati ndaledzera. Dzuwa likupendeka mzuli wawo unali utadzaza theka, ndipo anavina beni pamwamba pa mwala wochapira uja popanda ng'oma.

Beni ndiwo unali moyo wawo wina. Ndi gule wa amuna ovala ngati asilikali, oyenda pamzere, kuguba mokokomeza ndi kuseka usilikali womwewo, ndipo Che Twaibu anali kaputeni wa gulu la m'mudzimo, wogwira ndodo ndi wezulo. Mabatani aja anawatsuka ndi mandimu ndi phulusa mpaka anawala ngati moto, n'kuwasokerera okha pa jekete yawo yakhaki, kutsogolo, m'matumba ndi m'mapewa. Chaka chomwecho gulu lawo linasankhidwa kukavina pa msonkhano waukulu wa chipani paboma, pamodzi ndi gulu la kwa Mponda limene ankapikisana nalo kuyambira kale. Che Twaibu ankayenda ngati pansi pali masipuling'i. Ankati a kwa Mponda abwere ndi zitsekerero zawo za mabotolo, adzaone mkuwa.

Masiku ochepa msonkhano usanachitike, tcheyamani wa nthambi, a Likagwa, anabwera kudzaona gululo likuyeserera. A Likagwa sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha amene anapatsidwa udindo, ndipo ameneyo nthawi zina amaposa woipa. Gule atatha anayandikira Che Twaibu, kugwira batani limodzi n'kuliyang'anitsitsa.

"Che Twaibu, chisoti ichi n'cha yani?"

"Chinali cha Meja. Tsopano n'changa. Ndinagula ndi msana uwu."

"Kuboma sakawerenga msana," anatero a Likagwa motsitsa mawu. "Akawerenga pachifuwa."

Anafotokoza kuti aliyense kumeneko adzakhala atavala baji ya mtsogoleri, ndiye munthu wa ku Mangochi, dera limene boma linkaliyang'ana ndi diso lofiira chichitikire mavuto a zaka za m'mbuyomo, akatulukire ndi zisoti za mfumu ya atsamunda thupi lonse? Angapezeke wina woti anene kuti mkuluyu akulira ulamuliro wakale. Anawapempha kuti achotse, kapena apale zisotizo ndi tupa. Che Twaibu anakana kwamtuwagalu. Anati asilikali akale amavala mamendulo awo poyera ndipo palibe amawagwira, zimene zinali zoona. Koma zinalinso zoona kuti masiku amenewo lamulo linali m'kamwa mwa amene waima patsogolo pako, ndipo m'mudzi momwemo munali nyumba za anthu amene anatengedwa pa galimoto chifukwa cha zochepa kuposa batani. Ine sindinalowererepo, pokumbukira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu, Che Twaibu ali kumzikiti, Abiti Sumani anatenga lezala. Mwamuna wawo pobwera anapeza jekete ili pamsomali, timaulusi tokha tikulendewera. Mayiwo sanabise. Anali atakhala pakhonde, khasu lamatope lili pambali, ndipo ananena poyera kuti adula ndi iwo, ndipo awasunga pamalo pamene mkazi mnzawo sadzawanunkhiza. Anati anakwatiwa kuti azipereka chakudya pamphasa, osati pawindo la ndende.

Sindinawaonepo Che Twaibu atakwiya chotero. Sanatukwane, sanakweze dzanja. Kenako anayang'ana khasu lamatope lija, n'kuyang'ana pabwalo, n'kuona malo angapo okumbidwa kumene. Nkhope inasintha. Anayamba kuseka. Mkazi wopusa uyu, wakwirira chitsulo pansi, pakhomo pa mwini Abiti Phokoso! Anatuma uthenga kwa ine kuti ndibwere ndi mabatire onse a m'boma la Mangochi.

Amene sanaone masiku otsatirawo sanaone chisangalalo. Mudzi wonse unasiya ntchito. Che Twaibu patsogolo ndi nkhafi yawo, ine pambuyo ndi khasu, kumbuyo kwathu chinamtindi cha anthu. Pamalo poyamba makina anakuwa, anthu anaombera m'manja, tinakumba: chitsekerero cha chitini. Pachiwiri, misomali yadzimbiri yomangidwa bwinobwino ndi luzi. Pachitatu, supuni yothyoka. Abiti Sumani anali atatchera mabwinja awoawo, ndipo anakhala pakhonde akusankha mpunga, osadzutsa ndi mutu womwe. Amayi anayamba kuwaimbira nthungululu iwowo. Amuna anagawikana, ena ankati mkazi sachita zotere, ena ankapempha chamumtima kuti awo asamve.

Titamaliza pabwalo tinalowa m'munda wa chinangwa, kuseri kwa khola, pa dzala, njira ya kuchitsime, mpaka m'mabwalo a anansi. Mabatani sanaoneke, koma zinatuluka zinthu zimene mudzi unaziiwala. Kiyi wa njinga ya a Likagwa amene anamenyera mwana wawo chaka chatha. Nkhwangwa imene mabanja awiri anasiyira kulankhulana. Lumo la ashehe. Chilichonse chikatuluka mwiniwake ankalumpha, ndipo wonamiziridwa ankalumpha kuposa. Che Twaibu, ngakhale mtima unali kuwawa, sankatha kudziletsa: makina akalira maso awo ankawala basi.

Tsiku lomaliza, kuseri kwa bafa lakale la pakhomo pawo, Abiti Phokoso analira kamawu kochepetsetsa. Che Twaibu anasefa dothi m'manja ndipo munatsala kanthu koyera, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Chinali chipini, chokongoletsera mphuno cha amayi a Chiyao. Abiti Sumani anaimirira, mpunga n'kutayika. Chinali chawo, chimene mayi awo anawapatsa atatha msinkhu, ndipo chinatayika mwana wawo woyamba ali kumsana. Analira nacho chaka chathunthu nthawi imeneyo. Anabwera atatambasula dzanja, ndipo Che Twaibu anafumbata.

"Mabatani kaye, Abiti Sumani."

Mayiwo anayang'ana nkhonyayo nthawi yaitali. Ndinaona kuti akufuna, ndipo anthu onse anaona. Kenako anabweza dzanja n'kulipukuta pachitenje.

"Mphuno yanga inazolowera," anatero. "Sungani."

M'mawa mwake lole inabwera. Abiti Sumani anapereka mabatani apulasitiki ogula kwa mmwenye, Che Twaibu anawaponyera nkhuku. Anakwera lole jekete ili yasa, chifuwa pamtunda, nkhope ngati wopita kumaliro. Koma ng'oma ndi ng'oma. Atalowa m'bwalo paboma paja, m'malo mokweza ndodo monga mwa nthawi zonse, anaitsitsa pansi n'kuyamba kuiyendetsa uku ndi uku, wezulo akulira piii, piii, ndipo anyamata onse pambuyo pawo anawerama n'kumafukula fumbi, kudzuka, kuyang'ana m'manja, kupukusa mutu mogwirizana ndi ng'oma. Anthu a ku Chowe amene ankadziwa nkhaniyo anagwa pansi ndi phwete, ndipo amene sankaidziwa anakuwa chifukwa sitepe inali yatsopano. A kwa Mponda tsiku limenelo anavinira mitengo. Mpaka lero kumeneko sitepe imeneyo amaitcha kufuna mabatani.

Pachipata ayufi anangofunsa makhadi, pachifuwa pa munthu sanayang'anepo. Che Twaibu anabwerera kumudzi ndi mfundo imeneyo ngati mkondo: mwaona, palibe akanandigwira. Abiti Sumani anayankha kuti sanayang'ane chifukwa panalibe chowala choti chiwakope maso. Mkangano umenewo sunathe. Ndinasamutsidwa, ndinkabwera kudzacheza patapita chaka kapena ziwiri, ndipo ndinkaupeza uli pomwe ndinausiya. Mayiwo ankati abweza mabatani tsiku limene munthu adzathe kuvala chimene akufuna osayang'ana kumbuyo. Bamboyo ankati chipini chili pamalo pamene ngakhale satana sangachipeze. Akadya, akaswali mapemphero awo, ankayambiranso. Ana awo anatopa nazo, koma ine ndinkaona kuti akangokhala tsiku osakangana, mmodzi ankafunsa mnzake ngati akudwala.

Abiti Phokoso ndiye anayamba kufa. Wokonza mawailesi anati zitsulo zake sizipezekanso. Makutu a Che Twaibu nawo anayamba kugontha, koma ankatengabe nkhafi ija m'mawa n'kumazungulira pabwalo, akugogoda pansi, maso pa mkazi wawo kuti aone ngati nkhope isinthe akafika pena. Abiti Sumani ankandinong'oneza monyada kuti munthu amene wakhala moyo wonse akuyang'ana pansi sangaganize zoyang'ana kumwamba. Sanandiuze malo ake, ndipo ine sindinamve tanthauzo lake mpaka tsiku limene ndinakwera pamtondo.

Tiyi atatha, Abiti Sumani anapuma mozama n'kuyamba kumasula. Anati akudziwa kuti apeza zobiriwira zokhazokha, zaka zonsezi pansi pa malata. Mfundo inawavuta, ndipo anaima n'kuiyang'anitsitsa. Iwo anamanga ndi kansalu, koma apa panali ulusi wa ukonde, womangidwa mfundo ya asodzi. Nsalu itatseguka m'chipindamo munamveka fungo la mandimu. Mabatani anali kuwala ngati atsukidwa dzulo. Pakati pawo panali kobiri limodzi lobowola, ndipo pa bowo lakelo panali patalowetsedwa chipini.

Kenako mayiwo anayang'ana mtondo, n'kunena motsitsa kuti n'chifukwa chake akapita ku Malindi kukagula usipa ankapeza mtondo wawo uli ndi fumbi kukamwa, n'kumakalipira adzukulu.

"Mbava ya munthu," anatero. "Anawapeza kalekale. Ankakwera, kutsuka, n'kubwezera. Anandisiya ndizinyada."

Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, ndipo ine ndinalira nawo osachita manyazi. Munthu amene anasemedwa msana chifukwa cha mabatani amenewo, amene anakana tcheyamani pamaso pa anthu, anawagwira m'manja mwake kambirimbiri n'kuwabwezera pamwamba, chifukwa mkazi wake ankaopa. Pakamwa sanagonje ngakhale tsiku limodzi.

Chipini anayesa kuchilowetsa, koma bowo la pamphuno linali litatsekeka kale. Anachimanga pa ngodya ya mpango wawo. Kenako anaitanitsa singano ndi jekete ija. Mwana wawo wamkazi anawakumbutsa kuti chipani chikadali chomwechija, ndipo amayi a sadaka aja akadali pabwalo. Abiti Sumani sanadzutse mutu.

"Sanda ya maliro ilibe batani, sanapite nawo," anatero. "A chipaniwo akafuna abwere adzamange malemuwo."

Anasoka mpaka dzuwa linapendeka, ine ndikuwalowetsera ulusi pasingano.

Ndinachoka m'mawa mwake. Pakhonde, pamene Che Twaibu ankakhala akupukuta makobiri, mphasa anaipinda n'kuiimika pakona. Abiti Phokoso atsamira khoma, mkombero wa lichero chiswe chayamba kuulawa, khadi lija likadali m'pulasitiki yake, zilembo zitafufutika. Padenga pali mabatire awiri amene anawayanika kuti adzuke mphamvu, ndipo palibe wafuna kuwatsitsa. Pabwalo pali timaenje tosaya pamene dothi linatitimira, mvula ikagwa nkhuku zimamwa pamenepo. M'kati, pamsomali wa kumutu kwa bedi, pali jekete yakhaki, mabatani onse atamangidwa mpaka pakhosi, ndipo mphepo ikalowa pakhomo imagwedezeka pang'ono ngati ikudikira wezulo.